Mchira wa Mwera

Soya amene malemu Atumani anasungira hatchi yawo anathera m'mimba mwa anthu a pa sadaka. Sanamudye ali soya ayi. Akuchimuna a Amida, mkazi wa malemuyo, ndi anthu odzimva, sangadye chakudya cha chiweto. Anakweza matumba onse pa njinga kupita nawo ku Boma, n'kubwerako ndi mpunga, mafuta ophikira ndi anyezi. Anthu anadya, anapukuta pakamwa, n'kumati maliro a Che Atumani asamalidwa bwino. Amida anali m'nyumba atafunda nsalu yoyera, akumva fungo la mpungawo likulowera pazenera, osadziwa kuti chimene chikununkhiracho ndi chakudya cha Mwera.

Mwera ndiye hatchiyo. Kunyanja kuno hatchi si chiweto cha munthu wamba, tinazolowera mbuzi, nkhuku ndi abakha. Atumani anagwira ntchito zaka zambiri kwa mzungu wina amene ankasunga mahatchi cha ku Nkopola. Chaka cha mliri wa kolona mzunguyo atalongedza, anagulitsa mahatchi abwinowo ku Zomba n'kusiyira Atumani yotsalayo, yaikazi, yofiirira, ya chipsera pamwendo. Anthu anaseka. Ankati banja lopanda mwana lija lapeza mwana wodya udzu. Amida sanaiwale aliyense amene ananena mawu amenewo, ndipo mpaka lero atha kukutchulirani mayina awo.

Kusekako kunatha msanga. Atumani anapangana ndi a Fanwell, manijala wa loji ina ya pamchenga, kuti Loweruka ndi Lamulungu azibwera ndi Mwera. Azungu ankakwera, ana a mabwana a ku Blantyre ankakwera, koma eni ake enieni a hatchiyo anali akwati. Mkwatibwi aliyense wofuna kuti anzake apse mtima pa foni ankafuna chithunzi ali pamsana pa Mwera, velo ili uko, mchira wa hatchi ukukupizidwa ndi mphepo uku. Mchirawo unali wakuda bii, wautali mpaka kutsala pang'ono kusesa pansi, ndipo inali ntchito ya Amida. Ankautsuka ndi sopo, kuupesa, kuudzoza mafuta a nsatsi. Lachisanu ankaluka tsitsi la mchirawo ngati la mtsikana kuti Loweruka akalimasula likhale ndi mafunde. Malata a nyumba yawo anachokera kumchira umenewo. Njinga nayo, ndi injini ya boti imene Atumani ankabwereketsa asodzi.

Chilimwe china Mwera anaonda mpaka nthiti kumawerengeka. Atumani anaitana mayi Jestina, mlangizi wa ziweto, amene anabwera pa njinga yamoto ndi tepi yonga ya telala. Anazunguliza tepiyo pachifuwa cha hatchi, kuyezanso kutalika kwa thupi, n'kunena kuti Mwera akulemera makilo 400. Kenako anakhala pakhonde n'kuwerengetsa mokweza kuti awiriwo amve. Anati hatchi yotereyi, yogwira ntchito yopepuka, imafuna mapulotini, zakudya zomanga thupi zija, okwana magalamu 600 pa tsiku, kuposerapo pang'ono. Imadya udzu wokwana makilo 8. Udzu wouma wa chilimwe uli ndi mapulotini magawo 5 okha pa 100, ndiye kuti m'makilo 8 aja mukupezeka 400 basi. Otsala 200 aja ndi amene akumudya Mwera minofu. Gaga athandiza pang'ono, koma soya wokazinga ali ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, ndiye theka la kilo pa tsiku litseka dzenjelo. Anachenjeza kuti soya asakhale wosakazinga, amapweteka m'mimba.

Amida sanapite patali ndi sukulu, koma masamu amenewa anamulowa m'mutu chifukwa anawagwira ndi manja. Atumani anapeza chitini cha mkaka wa ufa, anakayeza theka la kilo pa sikelo ya kugolosale, n'kukanda mzere mkati mwa chitinicho ndi msomali. M'mawa uliwonse Amida ankadzaza soya mpaka pamzere, kumukazinga pa chiwaya, kumusinja, kusakaniza ndi gaga ndi kamchere. Nthiti zinabisika. Ubweya unayamba kunyezimira ngati wopaka polishi.

Atumani anagwa mwezi wa Julaye, mphepo ya mwera ili pachimake, mtolo wa udzu uli pamutu. Akuchipatala anati ndi BP. Mawa lake jeneza, chonyamulira maliro, inanyamulidwa, ndipo Amida analowa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi, osatuluka kunja kwa mpanda, osadzola, osacheza ndi amuna. Mwanamvua, mlongo wake wa malemu, anabwera ndi mkeka wake kudzakhala naye. Amati kudzamusungulutsa, koma ndi ulonda. Foni ya Amida Mwanamvuayo anaiika m'chikwama chake, ati namfedwa sakamba nkhani pa foni.

Ayub, mng'ono wa malemu, anamasula Mwera tsiku lachitatu n'kupita naye kwake, kutsidya kwa msewu wa tala. Chifukwa chimene anapereka chinali chomveka: munthu wa m'eda sangakamwete udzu. Koma panjira ankauza aliyense kuti hatchi ya mkulu wake ndi ya mbumba, mkazi wopanda mwana alibe nayo gawo. Amida anamva. Ananena mumtima kuti eda ikatha adzakumana pamaso pa a shehe, ndipo adzanena amene ankakazinga soya m'mawa uliwonse. Hatchiyo ndiyo inali khasu lake. A Fanwell nawonso anatumiza uthenga wa chipepeso, n'kuwonjezera kuti malo a Mwera pamchenga awasunga mpaka Disembala, nyengo ya maukwati. Akabwera ali bwinobwino monga kale, ntchito ipitirira. Akapanda kutero, pali munthu wa ku Zomba amene wakhala akupempha malowo.

Tsiku limene Ayub ankatenga hatchi, Amida anayankhula naye ali kuseri kwa chitseko. Anamuuza za chitini, za mzere, za kukazinga. Ayub anati eya, eya, alamu asamuphunzitse ntchito, iye ndi tcheyamani wa kalabu ya alimi a mbuzi ndipo mapulotini anawaphunzira pa kosi. Anatenga chitinicho ndi thumba limodzi lotsegula kale.

Sadaka ya masiku makumi anayi itadutsa, Amida anawerengera mumtima kuti thumba lija liyenera kuti latha. Anapempha Mwanamvua kuti atsegule kachipinda kosungiramo katundu, akazinge yekha soya wa Mwera azitumiza. Ntchito imeneyo ndi ya mkati mwa mpanda, eda siletsa. Anapeza kachipindako kali mbee, pansi pali timbewu tiwiri titatu ndi manyi a makoswe. Mwanamvua sanachite manyazi n'komwe.

"Munkafuna kuti mlongo wanga akhale wopanda sadaka chifukwa cha chilombo chija, alamu? Anthu akanatinena bwanji?"

Amida anafunsa kuti nanga tsopano Mwera akudya chiyani. Mwanamvua anati Che Ayub anapeza china choposa soya, chaulere, ndipo hatchiyo ikuchikonda mpaka kumalira akachedwa nacho. Sanatchule dzina lake. Ati nkhani za ziweto ndi za amuna.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake lija loswa mtengo. Ntchentche zinachuluka chifukwa cha usipa woyanika. Tsiku lina Mwanamvua anabwerera kuchokera kwa Ayub ali ndi kanthu katsopano m'manja, kamtengo kosema bwino, kumapeto kwake atamangako ndi mphira tsitsi lalitali lakuda. Anakhala pamkeka n'kumaingitsira ntchentche, akunena za mtengo wa shuga. Amida anayang'anitsitsa kanthuko. Tsitsi limenelo analipesa zaka zonsezi. Ankalidziwa ngakhale pamene limasanduka lofiirira kunsonga.

Mwanamvua anati si nkhani ayi, tsitsilo lili mbwee kwa Che Ayub, azimayi akutola kukasokera mikanda, ana akutcherera mbalame. Ati hatchiyo ikungosula ngati nkhuku yothothoka nthenga, ndi nyengo yake. Amida anati hatchi sisula mchira, iye wakhala nayo zilimwe zingapo ndipo sanaonepo zimenezo. Anapempha kuti Ayub aitanidwe. Yankho linabwera loti ali kotanganidwa, ndipo si bwino kumapitapita kwa namfedwa. Anapempha foni yake kuti afunse mayi Jestina. Mwanamvua anati Jestinayo anasamutsidwa, ali ku Chiponde akuyeza mbuzi zodutsa malire, ndipo foni ituluka m'chikwama eda ikatha. Kunatsala milungu itatu, ati munthu wolemekeza mwamuna wake apirire.

Amida anapirira masiku angapo. Tsiku lililonse ankaona kamchira kaja kakukupiza pankhope pa Mwanamvua, ndipo tsiku lina anaona kuti kanenepa, awonjezerako tsitsi lina. Lachisanu masana, Mwanamvua akusamba, Amida anamanga nsalu yake yoyera m'chiuno, kufunda inayo kumutu, n'kutsegula chitseko cha mpanda. Sanasankhe nthawi. Zinangochitika kuti ndi nthawi imene azibambo amatuluka mumzikiti, ndiye mudzi wonse wa amuna unamuona akudumpha tala wopanda nsapato, phula likumuwotcha mapazi. Amene ankaseka anasiya. Ena anayang'ana kumbali. Palibe anamupatsa moni, ndipo iye sanaufune.

Mwera anamupeza atamangidwa kuseri kwa khola la mbuzi. Poyamba Amida anaganiza kuti ndi bulu wa munthu wina. Kumene kunali mchira kunatsala kanthu konga chinangwa chosenda, ka khungu lotuwa, kali ndi titsitsi tingapo kunsonga. Kanthuko kankapitabe uku ndi uku kufuna kuingitsa ntchentche, koma sikankafika paliponse, ndipo ntchentchezo zinali zitadzaza m'ntchafu mpaka kutulutsa magazi. Manyenje a pakhosi anali atathothoka m'magawomagawo. Dovu linkatsika pakamwa. Hatchiyo inkasinthanitsa miyendo ngati yaima pamakala, ndipo Amida atagwada anaona kuti ziboda zonse zinayi zachita mphete kumtunda, china chayamba kung'aluka. Momwera ndi modyera monse munali masamba obiriwira a mtengo wa lukina, mitolo ina itaunjikidwa pamthunzi kudikira madzulo.

Mwera anamununkhiza paphewa n'kupumira m'khosi mwake monga ankachitira m'mawa uliwonse pofuna soya. Amida analibe kanthu m'manja.

Ayub anafika akuthamanga, kofia ili m'manja, anthu ali pambuyo pake. Mawu ake oyamba sanali a hatchi.

"Alamu, mwatuluka? Mkulu wanga sanaume n'komwe m'manda."

"Mkulu wanu akanadzuka lero akanakufunsani za mchira uwu, osati za ine. Mwamudyetsa chiyani?"

Ayub anakwiya, ndipo mkwiyo wake unali wa munthu amene akudziwa kuti wagwira ntchito. Anathyola kamtengo n'kugwada pamchenga. Anati masamu a mayi Jestina iye akuwadziwa, mkulu wake anamufotokozera kangapo. Analemba 600, kuchotsa 400 wa udzu, kutsala 200. Anati soya atatha sanagone tulo, anakumbukira za pa kosi ya mbuzi kuti masamba a lukina ali ndi mapulotini magawo 25 pa 100. Ndiye kilo imodzi ya masamba ouma ikupereka 250, kuposa chitini chija. Anayamba ndi kilo imodzi. Ataona kuti hatchi ikukonda anawonjezera. Tchire litapsa udzu n'kusowa, anasiyiratu udzuwo, chifukwa mungavutikirenji ndi udzu wa 5 pamene pali masamba a 25? M'mawa uliwonse ankayenda mpaka kudambo kukathyola, mbuzi zake zomwe n'kumazimana. Anaonetsa zikhatho zake zokandikakandika.

"Masamu sanama, alamu. Hatchi iyi ikudya bwino kuposa mmene inkadyera kwanu. Ikulira mwini wake basi. Apo ayi, pali munthu anaiponda ndi mankhwala."

Amida anayang'ana manambala aja pamchenga ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti sanapezemo cholakwika. Anati ngati masamu sanama, aimbire mwini masamuwo, nambala ali nayo ya kukalabu. Ayub anaimba mwamatama, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve akulungamitsidwa.

Mayi Jestina anayankha ali paphokoso la njinga zamoto za pa boda. Anamvetsera manambalawo n'kuvomera kuti ali bwino, 25 pa 100 n'zoona. Kenako anafunsa kuti ndi mbuzi ya ndani yolemera makilo 400. Atamva kuti ndi Mwera, ndiponso kuti wakhala akudya lukina yekhayekha kwa milungu yambiri, anakweza mawu.

"Che Ayub, ine ndinakuphunzitsani za mbuzi. Lukina ali ndi poizoni wake. Mbuzi ndi ng'ombe zimabzikula, mimba zake zimalimbana naye, ndipo nazonso sitizipatsa yekhayekha. Hatchi ilibe mimba yotero. Amayamba ndi mchira, kenako ziboda. Chotsani masambawo pompano."

Amida anawerama kufupi ndi foniyo n'kufunsa ngati mchira udzamere. Jestina anamuzindikira mawu, n'kumupepesa maliro kaye. Anati hatchi ikasiya lukina n'kubwerera pa udzu ndi soya, tsitsi litha kuyambanso, koma kuti lifike pamene linali ndi chaka ndi kuposa. Za ziboda anati sangalonjeze ali kutali, koma munthu asayerekeze kukwera hatchiyo mpaka chiboda chatsopano chitatsika. Anawonjezera kuti tsitsi ndi ziboda zimamangidwa ndi mapulotini omwewo, ndiye soya uja akufunika tsopano kuposa kale.

Mukuganiza kuti anthu aja anatembenukira Ayub? Ayi ndithu. Mwanamvua anali atafika, chitenje chili chonyowa, akulira mokweza kuti mlongo wake wavulidwa pagulu, mkazi wake akuyenda pamsewu ngati wopita kumsika ndiponso akuyankhula pakati pa amuna. Nkhani inasanduka imeneyo. Bambo wina anati Ayub anayesetsa, kulakwa n'kwa munthu aliyense. Wina anati mkazi wotuluka m'eda amabweretsa minyama, mwina n'chifukwa chake hatchiyo yatero. Amida anamuyang'ana bamboyo n'kumufunsa ngati mchirawo wathothoka pamene iye amadumpha tala. Bamboyo anati taonani mkamwa mwakemo.

Anamasula chingwe. Ayub sanamuletse, anangoti aitenge akaisamale koma asaiwale kuti ndi ya mbumba, nkhani idzakambidwa tsiku lake. Ulendo wobwerera unali wautali ngakhale kuti ndi pafupi. Mwera ankaponda ngati akuyenda paminga, kuima, kupuma, kupondanso. Pa tala anakana kaye chifukwa cha kutentha, ndipo Amida anavula nsalu ya kumutu n'kuiyala paphula kuti ziboda zidutsepo. Azimayi a pamjigo anaona mutu wa namfedwa uli pamtunda, ndipo pofika madzulo nkhaniyo inali itafika mpaka ku Chowe kwa abale ake.

A shehe atafunsidwa ananena zoona zake, kuti chipembedzo chimalola namfedwa kutuluka masana pakakhala chosowa chenicheni. Akuluakulu a kuchimuna anayankha kuti hatchi si chosowa chenicheni. A shehe sanafune kukangana ndi anthu amene amawapatsa mpunga, anangoti Amida amalize masiku otsalawo m'nyumba. Anamaliza. Udzu ankamugulitsa ndi mayi wina woyandikana naye, kuuponya pamwamba pa mpanda, ndipo gaga ankachokera ku chimanga chake chomwe. Soya wodyetsa hatchi analibe. Mwanamvua anasiya kumuyankhula, koma sanachoke, ulonda anaupitiriza.

A Fanwell anamva mphekesera, ndipo anabwera okha sabata yotsatira. Anaima kunja kwa mpanda mwaulemu, n'kusuzumira. Ndi munthu wa nthabwala, ndiye poyamba anati mwina angaigulire wigi ku saluni, akwati ambiri nawonso tsitsi limakhala si lawo. Palibe anaseka. Ataona mmene Mwera akuimira, nthabwala inawathera. Anati mayi, ine ndinkawakonda a Atumani, koma sindingakweze mkwatibwi wa munthu pa hatchi imene ikulephera kunyamula thupi lake lomwe. Anati wa ku Zomba uja abwera ndi ziwiri, ndipo akufuna pangano la zaka. Anasiya paketi ya shuga pachipata. Amida sanaitole, anaitola ndi Mwanamvua.

Eda itatha, akuchimuna anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti amusudzule ndi kugawa za malemu. Amida anabwera atakonzeka. Miyezi yonse ija anakhala akusula mawu oti adzanene pa hatchiyo, za soya, za mafuta a nsatsi, za m'mawa uliwonse. Sanapatsidwe mpata wowanena, chifukwa Ayub anaimirira woyamba, nkhope ili yachifundo.

"Abale anga, ine ndaganiza. Alamu athuwa anavutika nayo hatchi iyi, mpaka kuswa mwambo chifukwa cha iyo. Tisawalande. Mbumba yakhululuka, hatchi ndi yawo."

Anthu anawomba m'manja. Mayi wina wachikulire anati Mulungu amudalitse Ayub, masiku ano alamu otere kulibe. Kenako anayamba kutchula zotsalazo. Injini ya boti inapita kwa Ayub, poti mkazi sangaigwiritse ntchito. Njinga kwa mphwake wa malemu. Bedi ndi wailesi kwa Mwanamvua. Nyumba anati akhalemo mpaka adzapeze banja lina, popeza malo ndi a kuchimuna. Chishalo ndi zingwe zake za pakamwa Ayub anati zilibe ntchito pa hatchi yosakweredwa, ndipo zinamveka pambuyo pake kuti anali atagwirizana kale ndi wa ku Zomba uja. Amida anafunsa chinthu chimodzi chokha, chitini cha mzere chija. Mkazi wa Ayub anati akuyezera mchere pa benchi yake ya malonda, koma ngati alamu akuchifuna kwambiri achifunafuna. Sichinabwere.

Pomaliza anamufunsa ngati ali ndi mawu. Amida anaimirira n'kunena kuti wamva, ndipo wathokoza kuti amupatsa chinthu chimene anachiwononga okha, monga mmene munthu amapatsira galu fupa atamaliza kulikukuta. Anati akadzafa iye asadzavutike ndi sadaka, palibe soya wina woti agulitse. Akuluakulu anati ndi chisoni chikumuyankhulitsa, n'kupempha dua, pemphero lotsekera, kuti abalalike.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Mitambo inkaunjikana cha kumapiri a Namizimu masana aliwonse n'kubalalikanso. Anthu anali atagalauza minda kudikira, ndipo Amida naye mizere yake inali yokonzeka kuseri kwa nyumba. Mumtsuko wa kuchipinda, umene akuchimuna anauyesa wa madzi, munali soya wambewu amene mchemwali wake wa ku Chowe anamupatsa mwezi wa Meyi, wosankha, woti akabzala adzakolole matumba a chaka chamawa. Udzu wauwisi unali kutali, mvula iyambe kaye, umere, ukule. Mwera nthiti zinali zitabwereranso, ndipo m'mawa ankachedwa kudzuka.

Amida anakhala nawo mtsukowo pakati pa miyendo nthawi yaitali. Amadziwa, monga mlimi aliyense adziwira, kuti mbewu yokazinga simera. Anasonkha moto, kuika chiwaya. Popanda chitini anayeza ndi manja, kutapa kanayi, n'kuona kuti zikufanana ndi mulu umene maso ake anauzolowera. Soya anayamba kuthetheka, fungo n'kufalikira, ndipo kuseri kwa nyumba Mwera analira kamodzi, kulira kosasa kwa chiweto chimene chakumbukira.

Anasinja, kusakaniza ndi gaga ndi kamchere, n'kukaika m'beseni. Hatchiyo inadya mosadzutsa mutu. Ntchentche zinabwera monga mwa masiku onse, n'kutera pazilonda za m'ntchafu, ndipo kachitsa kaja kanayamba kupita uku ndi uku osafika paliponse. Amida analowa m'nyumba. Posamuka ndi bedi ndi wailesi, Mwanamvua anali ataiwala kamchira kake koingitsira ntchentche pawindo. Amida anakatenga, n'kukaima kumbuyo kwa Mwera, padzuwa, n'kumamuingitsira ntchentchezo ndi tsitsi lake lomwe.